Keith Richards sakunama, koma sikuti akunena zoona

Mkangano wa denga la ku Chess Records, kampani yojambula nyimbo ya ku America, wandikwana. Okonda nyimbo za rock aukoka kwa zaka zambirimbiri, ndipo akaufutukula amalakwitsa pamodzimodzi pomwe amalakwitsa achibale a odwala amene ndimaonana nawo pa ntchito yanga ya matenda a maganizo.

Mu Juni 1964 gulu la The Rolling Stones, lili pa ulendo wake woyamba ku America, linapita kukajambula nyimbo ku situdiyo ya Chess, pa 2120 South Michigan Avenue mumzinda wa Chicago. Anyamatawo anakulira nyimbo zochokera pamalopo, moti ngakhale dzina la gulu lawo analitenga pa nyimbo ya Muddy Waters, chiphona cha nyimbo za blues chimene chinkajambulitsa pa kampani yomweyo. Keith Richards, woimba gitala, anali ndi zaka 20. Iye wakhala akunena kuti atalowa anapeza bambo wina ali pa makwerero, atavala ovololo, akupenta denga, penti woyera ali chuchuchu kumaso. Bamboyo akuti anali Muddy Waters. Marshall Chess, mwana wa mmodzi mwa eni kampaniyo, amakanitsitsa kwamtuwagalu kuti zimenezo sizinachitike. Anthu amene ankamudziwa Muddy amati anali munthu wotchena, wa suti ndi nsapato zonyezimira. Bill Wyman, woimba besi m'gulumo, amakumbukira zina: akuti Muddy anawathandiza kunyamula zida kulowetsa m'situdiyo.

Ndiye anthu amagawana mbali. Ena amati Keith ndi kathyali, amakometsera nkhani kuti atolankhani amukonde. Ena amati munthu anaona ndi maso ake, inu munaliko? Enanso amangogwedeza mutu n'kumati mankhwala osokoneza bongo anamudya mutu kalekale. Onsewa akuganiza chinthu chimodzi, chakuti mutu wa munthu wabwinobwino umasunga zimene zinachitika ndendende, ndipo nkhani ikasintha ndiye kuti pali bodza kapena matenda. Ayi ndithu. Mutu wabwinobwino ndi womwewo umene umasintha nkhani.

Pa 28 Januwale 1986 chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chinaphulika patangotha masekondi 73 chinyamukire, n'kupha anthu onse 7 amene anali m'menemo. M'mawa mwake Ulric Neisser, mphunzitsi wa pa Emory University ku Atlanta, anauza ophunzira 106 kuti alembe mmene anamvera za ngoziyo: anali kuti, ankatani, anawauza ndani. Patatha zaka ziwiri ndi theka, iye ndi Nicole Harsch anapeza 44 mwa ophunzirawo n'kuwafunsanso mafunso omwewo. Ophunzira 11 anaphonya zonse, malo ndi munthu yemwe, ndipo ambiri mwa olakwitsawo ankayankha mosakayika n'pang'ono pomwe. Atawaonetsa mapepala awo akale, ena anavomera kuti dzanja ndi lawo koma anaumirirabe pa nkhani yatsopanoyo. Awatu anali achinyamata a ku yunivesite, opanda choti apindule ponama, ndipo palibe mtolankhani amene ankawathamangira.

Tsono ganizirani munthu amene wafunsidwa funso limodzimodzi kwa zaka zoposa 50. Tikamakumbukira, ubongo sutulutsa chinthu chathunthu chimene chinasungidwa penapake. Umatolera zidutswa, kamawu apa, kankhope apo, fungo la chipinda, n'kumata mipata ndi zimene zikuoneka kuti n'zomveka. Zikatero, zomatidwazo zimasungidwa limodzi ndi zenizeni, ndipo ulendo wotsatira simudziwanso kuti njerwa ndi iti, dothi ndi liti. Amene amafotokoza nkhani yake kawirikawiri ndiye amaiumba kwambiri. Pamene anthu anaseka amapakulitsa, pamene anayasamula amapadumpha, ndipo pakapita zaka chimene akukumbukira ndi mafotokozedwe ake aja, tsiku lenilenilo linazimirira kale.

Maganizo anga pa za dengalo ndi akuti chithunzi chimenecho chimanena zimene Keith ankamva mumtima. Wakhala akudandaula kuti oimba blues akuda ankanyalanyazidwa kwawo komwe ku America, pamene anyamata achizungu ochokera ku England ankalemera ndi nyimbo za akuluakuluwo. Mfumu ya blues ili pa makwerero, penti kumaso: palibe chithunzi chimene chingafotokoze bwino kupweteka kumeneko. N'kutheka kuti panalidi munthu amene ankapenta tsiku limenelo, ndipo n'kupita kwa nthawi mutu unamuveka nkhope ya Muddy. Ngati mukufuna ndisankhe mboni, ndisankha Bill Wyman, osati chifukwa ubongo wake ndi wapamwamba koma chifukwa amadziwika kuti ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku ndi kusunga timapepala tonse ta gululo. Pepala lolembedwa sabata yomweyo limaposa lumbiro la patatha zaka 40.

The Beatles nawo zinawachitikira. Pa 27 Ogasiti 1965 anakacheza kwa Elvis Presley ku Bel Air, mumzinda wa Los Angeles, ndipo panali pangano loti pasakhale kujambula. John Lennon, mmodzi mwa oimba anayi a gululo, ankanena kuti anatenga magitala n'kuimba limodzi ndi Elvis. Tony Barrow, mneneri wa gululo amene analipo usikuwo, ankanenanso zomwezo. Koma pa filimu ya mbiri yawo ya mu 1995, atatu otsalawo sanakumbukire zoti anaimba naye. Chipinda chimodzi, usiku umodzi, munthu amene onse ankamulambira kuyambira ali ana, koma nkhani ziwiri.

Inunso okonda nyimbo musadzichotsemo. Pa 4 Juni 1976 gulu la Sex Pistols linaimba mu Lesser Free Trade Hall ku Manchester pamaso pa anthu pafupifupi 40 okha, koma amene amalumbira kuti analipo ndi ochuluka kuposa amene angakwane m'holoyo. Ena amangodzitama, inde. Koma gululo linabweranso pamalo omwewo patatha milungu isanu ndi umodzi, anthu ali ambiri, ndipo n'chapafupi kusakaniza mausiku awiriwo. Kwathu kuno mudzamvetsere anthu akamasimba za masiku otsiriza a Evison Matafale mu 2001, mudzadabwa kuchuluka kwa amene anacheza naye dzulo lake.

Zimenezi si matenda, ndipo sindikanataya inki pa izo zokha. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti anthu omwewa amene amachezera usiku wonse kuyeza mutu wa woimba wa ku London amalephera kuona vuto lenileni likalowa m'nyumba mwawo. Bambo akasintha nkhani ya mmene anapitira ku Joni ali mnyamata, mumati ayamba kuzweta mutu. Bambo omwewo akafunsa katatu m'mawa umodzi ngati ana apita kusukulu, mumati n'kukula basi. Mwatembenuza zinthu. Nkhani yakale ikamasintha, asiyeni asimbe. Choopsa ndi pamene za lero zayamba kusowa: kuiwala kuti adya kale, kusochera pobwera kuchokera kumsika umene apitako moyo wawo wonse, kulephera kuwerenga chenji, kusiya mphika pamoto mpaka kupserera, kuumirira kuti wina akuwabera zinthu zimene abisa okha.

Rock yomweyo ili ndi chitsanzo. Malcolm Young, amene anayambitsa gulu la AC/DC mu 1973 limodzi ndi mng'ono wake Angus, sankasintha nkhani za amene anakumana nawo. Anayamba kuiwala nyimbo zimene iye mwini anapeka nawo, moti pa ulendo wawo woimba wa pakati pa 2008 ndi 2010 ankachita kuziphunziranso asanakwere pa siteji. Mu 2014 banja lake linalengeza kuti ali ndi dementia, matenda ofooketsa ubongo, ndipo anamwalira mu Novembala 2017 ali ndi zaka 64. Kusiyana kwake mukukuona?

Pali bambo wina amene mpaka lero sandichoka m'maganizo. Ankaimba gitala m'mabandi a m'mabala pa unyamata wake, kenako n'kulowerera mu kachasu, kudya n'kosadya. Pamene mlongo wake ankabwera naye kwa ine anali munthu wansangala, wopereka moni ndi manja awiri. Ndinamufunsa kumene anali dzulo. Anandiuza mosadodoma kuti anali ku Harare kukaimba, n'kutchula hotela, mtundu wa basi, ngakhale ndiwo zimene anadya pa malire. Mlongo wakeyo anangoyang'ana pansi, chifukwa munthuyo anali asanatuluke pakhomo kwa miyezi. Ndinatuluka pang'ono kukatenga fayilo, ndipo pobwerera anaimirira n'kundipatsanso moni ngati mlendo: "Muli bwanji adokotala, ndimakuyembekezerani." Nditamufunsanso za dzulo, tsopano anali ku Mangochi.

Amenewa ndi matenda a Korsakoff. Amabwera thupi likasowa kwambiri vitamini B1, makamaka kwa anthu omwa mowa mwauchidakwa osadya mokwanira. Ubongo umaleka kusunga zatsopano, ndiye umadzaza mpatawo ndi zilizonse, mwiniwake osadziwa kuti akupeka. Chimene chimandiwawa ndi zimene mlongoyo anandiuza pambuyo pake. Miyezi ingapo m'mbuyomo bamboyo anasokonezeka mwadzidzidzi, akuyenda dzandidzandi ngakhale asanamwe, maso akugwedera. Nthawi yake inali imeneyo. Jakisoni wa vitamini B1, mankhwala otsika mtengo, akaperekedwa m'masiku oyambirirawo amatha kupulumutsa ubongo. M'malo mwake achibale anati waledzera, kenako anati wamulodza mnzake wa m'bandi yemwe anakangana naye za ndalama. Anamutengera kwa sing'anga amene anamutema mphini m'mutu n'kulandira mbuzi, kuchoka apo kwa mneneri amene anamulamula kusala kudya. Kusala kudya, munthu amene matenda ake ndi a kusowa chakudya m'thupi! Pofika kwa ife, chowonongeka chinali chitawonongeka. Tinathandiza kuti zisapitirire, koma gitala yekha ndi amene zala zake zinkamukumbukirabe.

N'chifukwa chake sindiwamvera chisoni amalonda amene akuyenda ndi timabotolo m'maminibasi ndi pa WhatsApp, kumati mankhwala awo amatsuka ubongo, amabweza nzeru, amachiza kuiwala m'masabata awiri. Palibe ufa kapena tiyi amene amachiza dementia. Ngakhale mankhwala a kuchipatala a matenda a Alzheimer, omwe ndi mtundu wina wa dementia, amangochepetsa zizindikiro kapena liwiro lake mwa anthu ena, sachiza. Wokulonjezani zoposa apo akufuna ndalama zanu, ndipo choipa kwambiri n'chakuti amakudyerani nthawi. Kuiwala kwina kumachokera ku zinthu zochizika: kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro chofooka, matenda a kukhumudwa, chindoko chokhalitsa, HIV imene sikulandira mankhwala, kapena magazi oundana m'mutu agogo atagwa kubafa mwezi wathawo. Bipi ndi shuga zosasamalidwa zimatseka timitsempha ta mu ubongo pang'onopang'ono. Zonsezi zimafuna kupimidwa, ndipo mneneri sapima magazi.

Ndinenenso za agogo amene amapezeka pakhomo pa eni usiku, atavula, osadziwa kumene ali. Anthu amathamangira kunena kuti ndege yawagwetsa. Nthawi zambiri ameneyo ndi wodwala amene wasochera pofuna chimbudzi. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma agogo akumenyedwabe, ena kuphedwa kumene. Mukawapeza, afunditseni nsalu, funani abale awo.

Munthu akasokonezeka mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa akhoza kukhala malungo, sitiroko, shuga wotsika kapena matenda a m'chikhodzodzo. Ngati kuiwalako kwabwera pang'onopang'ono, yambani pa chipatala cha boma cha m'dera lanu n'kupempha kuonana ndi a za matenda a maganizo. Akaona kuti m'pofunika adzakutumizani ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Apite ndi munthu amene amagona naye nyumba imodzi, osati mwana wa m'tauni amene amangobwera pa Khirisimasi. Tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, a zitsamba omwe. Za mowa musatibisire, nenani kuchuluka kwake kwenikweni ndi chaka chimene anayamba.