Mfuti yakale ya mpweya ikafooka, yambani mwaona chikopa

Mfuti ya mpweya yoyendera sipuling'i ilibe onga. Mukathyola mpope kapena kukoka chogwirira cha kunsi, pisitoni imabwerera m'mbuyo n'kufinya sipuling'i. Mukakhethemula, pisitoniyo imathamangira kutsogolo n'kupanikiza mpweya wa mu silinda, ndipo mpweyawo umatulukira pa kabowo kakang'ono n'kukankha kachipolopolo ka mtovu. Mphamvu yonse ya mfutiyi yagona pa chinthu chimodzi: mpweya usapeze kwina kothawira.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona munthu wapeza Weihrauch HW35 ya ku Germany, imene inayamba kupangidwa mu 1951, kapena BSA Airsporter ya ku Birmingham ya kuyambira 1948, iye n'kuthamangira kugula sipuling'i yamphamvu poona kuti mfuti ikuwomba mofooka. Nthawi zambiri sipuling'i imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala kumutu kwa pisitoni.

Mfuti zambiri za nthawi imeneyo, kuphatikizapo Diana 27, zili ndi chikopa chooneka ngati kakapu kumutu kwa pisitoni. Chikopachi chikakhala ndi mafuta chimafewa, ndipo mpweya ukachikankha chimatambasuka n'kumata khoma la silinda. Chikakhala zaka osachisamala chimauma gwa, n'kukwinyika ngati chikopa cha nsapato chosiyidwa padzuwa, mpweya n'kumadutsa m'mbali. Musanamasule chilichonse, thyolani mpope pang'ono, donthezani madontho atatu kapena anayi a mafuta ofewetsa chikopa a neatsfoot pa kabowo ka mpweya kaja, ndipo imikani mfuti choloza m'mwamba usiku wonse kuti mafuta atsikire pa chikopa. Mawa lake womberani zipolopolo khumi kapena makumi awiri. Mfuti zambiri zimatsitsimuka ndi zokhazi.

Mafuta a injini kapena opopera aja ochotsa dzimbiri asalowe m'menemo. Mpweya ukapanikizidwa mwadzidzidzi umatentha kwambiri, mafuta otere n'kuyaka monga zimachitikira mu injini ya dizilo. Kautsi kochepa kotuluka mumpope mutangothira mafuta sikodetsa nkhawa. Koma mukamva kuphulika kwakuthwa ngati mfuti ya onga, lekani pomwepo: kuphulikako kumabweza pisitoni mwamphamvu, kumawotcha chikopa, ndipo kungathyole sipuling'i. Kuwomba mfuti yopanda chipolopolo kumawononganso, chifukwa palibe mpweya wopanikizika woti uchedwetse pisitoni, choncho imakamenya chitsulo cha kumapeto kwa silinda.

Si zonse zakale zili ndi chikopa. Feinwerkbau 124 ya m'ma 1970 ili ndi chotsekera cha pulasitiki chimene chikakalamba chimanyenyeka, ndipo nthawi zina tizidutswa take timapezeka mumpope. Chimenechi mafuta sachichiritsa, n'chofunika kusintha basi.

Malo ena othawira mpweya ndi kamphete ka kumbuyo kwa mpope, polowetsera chipolopolo. Yalani kapepala kopyapyala pamwamba pa malo amene mpope umalumikizana ndi silinda n'kuwomba molunjika pamalo otetezeka. Kapepala kakauluka, kamphete katha kapena kalowa mkati. Kusintha kwake n'kosavuta, ndipo nthawi zina n'kokwanira kuika kawashala kopyapyala kunsi kwake kuti katukuke pang'ono.

Ngati mfuti ikulira "twang'a" ndi kunjenjemera, kapena pokoka mukumva kukhukhuluza, ndiye yakwana nthawi yotsegula. Apa m'pofunika kusamala kwambiri. Ngakhale mfuti isanakokedwe, sipuling'i imakhala yofinyika kale mkati, ndipo mukachotsa chotsekera cha kumbuyo popanda chopanikizira, chitsulocho chingakuthyoleni mano kapena kukubayani diso. Mangani silinda mu chopanikizira sipuling'i, valani magalasi oteteza maso, ndipo masulani pang'onopang'ono. Sipuling'i ikatuluka igubuduzeni patebulo: ikamadumphadumpha ndiye kuti yapindika. Chotsani girisi yense wakale amene wauma ngati phula. M'mphepete mwa mpata wautali wa kunsi kwa silinda mumakhala mwakuthwa, ndipo mumacheka chikopa chatsopano pochilowetsa, choncho salazanimo ndi tupa laling'ono. Chikopa chatsopano chigone m'mafuta tsiku lathunthu. Pobwezeretsa, pakani girisi wa moly (wokhala ndi molybdenum) pang'ono chabe m'mbali mwa pisitoni, ndi girisi wokhuthala wochepa pa sipuling'i, koma kutsogolo kwa chikopa kusafike girisi aliyense.

Posankha sipuling'i, gulani yofanana ndi yoyamba. Silinda ndiyo imaika malire a mpweya umene mfuti ingapanikize. Sipuling'i yolimba kuposa muyeso imawonjezera kugwedezeka ndi kudya zitsulo za chokhethemulira, pomwe liwiro limakwera pang'ono kapena osakwera n'komwe. Palinso malamulo: ku Germany malire a mfuti yosafuna chiphaso pogula ndi majulo 7.5 (julo ndi muyeso wa mphamvu), ndipo mfuti zosapitirira pamenepo zimadindidwa chilembo F mkati mwa chithunzi cha ngodya zisanu; ku England kupitirira 12 foot-pounds, pafupifupi majulo 16, kumafuna chiphaso cha mfuti. Kachipolopolo ka theka la galamu kothamanga mamita 170 pa sekondi kali ndi majulo 7 ndi pang'ono, ndipo n'kokwanira kuboola pepala bwinobwino pa mamita 10 kapena 20. Pa makina oyeza liwiro, chofunika kuona ndi kufanana kwa zipolopolo khumi zotsatizana. Zikasiyana ndi mamita ochepa chabe pa sekondi, ntchito yayenda.

Zipolopolo nazo n'zosankha. Mfuti zambiri zakale za ku Britain za saizi yotchedwa .22 zili ndi mpope wa mamilimita 5.6, pomwe zipolopolo zambiri za lero ndi 5.5. Kachipolopolo kakamalowa kolobodoka, mpweya umakadutsa ndipo pisitoni imamenya mwamphamvu. Yesani mitundu itatu kapena inayi, musunge umene ukuwunjika mabowo pamodzi.

Powombera, kumbukirani kuti pisitoni imayamba kuyenda chipolopolo chisanasunthe, choncho mfuti imagwedezeka, koyamba chakumbuyo kenako chakutsogolo, chipolopolo chidakali mumpope. Musaigwire molimba. Igonekeni pa chikhatho chotambasula, pamalo amodzimodzi nthawi zonse, phewa likhudze mopepuka, ndipo musaitsamize pa thabwa kapena khoma. Kugwedezeka kwa mbali ziwiriku kumamasula zomangira za mtengo wa mfuti, ndiye mabowo akayamba kumwazika yambani mwalimbitsa zimenezo. Kumaphwanyanso magalasi oonera patali amene sanapangidwire mfuti za sipuling'i.

Polowetsa chipolopolo, dzanja limodzi ligwirebe mpope wothyoka uja. Zambiri mwa mfuti zakalezi zilibe chotchinga choletsa kuwomba mwangozi, ndipo kachitsulo kogwira pisitoni kakapulumuka, mpope umatsekeka mwamphamvu zokwanira kuphwanya chala ndi kupinda mpopewo. Kuseri kwa chandamale kukhale chinthu choimitsa chipolopolo, monga bokosi lodzaza nsanza, ndipo mukamaliza sambani m'manja chifukwa mwagwira mtovu.