"Ndili bwino, adokotala" si yankho

Mawu awa ndatopa nawo: "Bambo athu ali ndi zaka 78, opaleshoni sangaipirire." Ena amabwera ndi mbali inayo: "Akadali mnyamata uyu, m'patseni mankhwala onse amphamvu." Onsewa akuphonya. Pa khansa ya m'mapapo zaka zobadwa pazokha sizigamula kanthu. Timaona zimene thupi likutha kuchita lero.

Ndikakufunsani kuti tsiku lanu limayenda bwanji, sindikucheza ayi. Ndikukuikani pa muyezo wa ECOG, woonetsa mphamvu zimene wodwala ali nazo. Wa pa 0 akugwira ntchito zake zonse. Wa pa 2 ntchito yamukanika koma akudzisamalira yekha. Wa pa 3 amatha nthawi yoposa theka la usana ali pabedi kapena pampando, ndipo munthu wotere kemo, mankhwala amphamvu opha khansa, kawirikawiri imamufoola kuposa kumuthandiza.

Tsono mukati "ndili bwino" pomwe akukusambitsani ndi mwana wanu, mukundisocheretsa. Ndikudziwa, ena mumabisa poopa kuti tikumanani mankhwala. Nafenso madokotala tili ndi mlandu: timakuonani kwa mphindi zochepa, mutasamba, mutatchena, n'kukuyesani amphamvu kuposa mmene inu mukudzimvera. N'chifukwa chake ndimafunsanso amene mumakhala nawo, ndi kukukwezani pasikelo.

Pa opaleshoni funso n'limodzi. Phapo lamanja lili ndi zigawo 3, lamanzere 2. Tikachotsa chimodzi, zotsalazo zikukwanirani? Mumauzira m'makina, tiyeze FEV1, mpweya umene mumatulutsa pa sekondi yoyamba, ndi DLCO, mmene mpweya ukulowera m'magazi. Tikawerengera n'kupeza kuti pambuyo pa opaleshoni mudzatsala ndi zosakwana 30 peresenti ya zoyenera, ngozi ndi yaikulu. Zikakhala zokayikitsa timakukwezani masitepe: wofika mamita 22 m'mwamba amatilimbitsa mtima. Mtima ndi impso timaziyezanso, poti cisplatin, mankhwala ena a kemo, safuna impso zofooka.

Pali bambo wina amene sindimuiwala. Anabwera akuyenda yekha, chotupa chili chaching'ono, mapapo ali bwino ndithu ngakhale anasuta fodya zaka zambiri. Tinagwirizana tsiku la opaleshoni. Sanabwere. Wina anamuuza kuti thupi liyambe "lamangidwa" ndi mankhwala a m'mabotolo, akuti otsuka mapapo, ndiponso kuti mpeni umabalalitsa khansa. Anabwerera patatha miyezi inayi ali pa njinga ya odwala, ataonda, khansa itafika m'mafupa. Mkazi wake anandifunsa: "Tsopano takonzeka, mupanga liti?" Mpaka lero sindikudziwa ngati tsiku loyamba lija ndinafotokoza momveka kuti mphamvu anali nazozo zinali zosakhalitsa.

Palibe botolo limene limatsuka mapapo. Mukufuna kukonzekeretsa thupi? Siyani fodya lero, idyani, yendani tsiku lililonse, ndipo chitani zimenezi uku tsiku lachipatala likuyandikira, osati m'malo mwake. Wogulitsa zitsambayo sanayezepo mpweya wanu, ndipo zina zimene amagulitsa zimawononga chiwindi ndi impso zomwe tikuzidalirazo.

Tikanena kuti opaleshoni simungaithe, musathawe. Chotupa chaching'ono timatha kuchiwotcha ndi makina kwa maulendo ochepa chabe. Khansa ikapezeka ndi kusintha kwa jini (kachizindikiro ka chibadwa m'maselo) yotchedwa EGFR, pali mapiritsi monga osimertinib amene ngakhale wofooka amatha kumwa. Ndipo ngati chakufoolani ndi madzi odzaza m'chifuwa kapena kuchepa kwa magazi, timayamba tathana nazo, kenako n'kukuyezaninso.