Windows 11 yakana pa desktop yanu? Musathamangire kugula motherboard ina

Chilengezereni a Microsoft kuti Windows 10 asiya kuyisamala pa 14 Okutobala 2025, anthu ambiri amene amandibweretsera makompyuta funso lawo ndi limodzi lomwelo, akuti kompyuta ikulemba kuti siyikukwanira Windows 11, nde tigule bodi ina kapena titani? Ena amabwera atagula kale ka TPM module, kachipangizo kosunga makiyi achinsinsi kamene Windows 11 imafuna, pa intaneti kamene sikakulowa nkomwe pa bodi yawo. Nthawi zambiri motherboard imakhala ilibe mlandu. Mwina pali chinthu chongozimitsidwa mu BIOS, ma setting a bodi aja amene mumalowamo Windows isanatseguke, chimene mukhoza kuyatsa nokha osalipira olo tambala, apo ayi vuto ndi purosesa, ndipo zikakhala choncho TPM mungayatse bwanji sizithandiza.

Nchifukwa chake ine ndimayamba ndi purosesa, ngakhale aliyense amakamba za TPM. Dinani batani la Windows limodzi ndi R, mulembe msinfo32 kenako Enter. Pa sikirini imene itseguke pali zonse zimene tikufuna. Pezani mzere wa Processor. Ngati ndi Intel Core, yang'anani nambala yobwera pambuyo pa i3, i5 kapena i7. i5-6500 ndi ya generation 6, i5-7500 ndi 7, i5-8500 ndi 8. Windows 11 imayambira pa 8, mapurosesa amene anayamba kutuluka kumapeto kwa 2017. Za i7 zija anthu amanyadira nazo sizikutanthauza kanthu apa, i7-4790 ndi yakale kuposa ka i3-8100 ndipo ka i3 kameneko nkamene kali pa mndandanda wa mapurosesa amene Windows 11 imalola. Ku AMD amayambira pa Ryzen 2000 ya 2018, koma samalani ndi Ryzen 3 2200G ndi Ryzen 5 2400G, dzina likuti 2000 koma mkati mwake ndi mapangidwe a Ryzen yoyamba ija nde anazisiya kunja.

Izi zimatikhudza kwambiri kuno chifukwa ma desktop ambiri a m'maofesi, m'masukulu ndi m'ma stationery ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, a Dell, HP ndi Lenovo. Dell OptiPlex 7040 ndi 7050 ndi za generation 6 ndi 7, pomwe 7060 ndi ya 8. HP EliteDesk 800 G3 siyikwanira koma G4 ikukwanira. Lenovo ThinkCentre M710 ayi, M720 eya. Kunja zimaoneka ngati chimodzimodzi, bokosi lakuda lomwelo, nde wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ili ndi TPM bwana" akhoza kukhala kuti sakunama, OptiPlex 7050 imakhaladi ndi TPM 2.0, koma purosesa yake ndi imene ikukanidwa. Mukamagula pano funsani nambala yonse ya purosesa, osangomva zoti Core i5 basi.

Purosesa ikakhala yakale nkhani ya bodi imayambira pamenepo, chifukwa funso limakhala loti bodi imeneyi ingalandire purosesa yatsopanoko? Mu msinfo32 momwemo muli BaseBoard Manufacturer ndi BaseBoard Product, limenelo ndiye dzina la bodi yanu, monga H110M kapena B450M. Apa a Intel anatipweteka ndithu. Generation 6, 7, 8 ndi 9 zonse zimakhala pa socket yotchedwa LGA1151, mapini ndi 1151 omwewo, purosesa imakhala bwinobwino mu bodi, koma ili ngati kiyi wolowa pa loko koma osatembenuka. Bodi za H110, B150, B250, Z170 ndi Z270 zimathera pa generation 7. Kuti muike ya 8 pafunika H310, B360, H370, Z370 kapena Z390. Apa pokhapa ndi pamene ndimavomera kuti bodi isinthidwe, ndipo kawirikawiri ukawerengera mtengo wa bodi ndi purosesa pamodzi umapeza kuti bola kungogula kompyuta ina yogwiritsidwapo kale ntchito ya generation 8 ndi kusamutsira SSD yako mmenemo. Amene muli ndi AMD ya socket AM4 muli ndi mwayi, bodi za A320, B350 ndi X370 zambiri zimalandira Ryzen 2000 ndi 3000 mukangopanga update BIOS, zina mpaka 5000, nde amene ali ndi Ryzen 5 1600 akhoza kungosintha purosesa bodi nkukhala yomweyo. Onani kaye CPU support list ya bodi yanuyo pa webusayiti ya amene anayipanga, imalemba ndi BIOS version yofunika.

Tsopano tinene kuti purosesa ili bwino koma Windows 11 ikukanabe. TPM ndi kagawo kamene kamasunga makiyi achinsinsi a kompyuta padera, kuti munthu akaba hard drive yanu asathe kuwerenga zili mkati ngati munayatsa BitLocker, pulogalamu ya Windows yokhoma disk, komanso PIN yanu yolowera mu Windows imatetezedwa komweko. Windows 11 imafuna version 2.0. Windows ndi R kachiwiri, mulembe tpm.msc. Ikalemba kuti TPM is ready for use ndipo mmunsimo Specification Version ndi 2.0, mbali imeneyo mwathana nayo. Ikalemba Compatible TPM cannot be found musadandaule, apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Purosesa iliyonse imene ili pa mndandanda wa Windows 11 imabwera ndi TPM ya mu firmware, sipafunika kachipangizo kena, kungoti ma bodi ogulidwa paokha aja a ASUS, MSI, Gigabyte ndi ASRock ankabwera itazimitsidwa mpaka cha mu 2021 pamene anayamba kutulutsa ma BIOS oyiyatsiratu.

Chovuta nchakuti mu BIOS mawu akuti TPM mwina simuwapeza. Intel amati PTT, AMD amati fTPM. Zimitsani kompyuta, poyatsa muzidina Delete ngati ndi bodi yogula payokha, F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa Lenovo. Pa ASUS ya Intel pitani ku Advanced kenako PCH-FW Configuration, ya AMD ndi Advanced kenako AMD fTPM configuration. Pa MSI ili ku Settings, Security, Trusted Computing, muyatse Security Device Support. Gigabyte anakayibisa ku Settings, Miscellaneous, pa ma BIOS akale ku Peripherals. Mukayatsa dinani F10 kuti isunge, ilowe mu Windows, muonenso tpm.msc. Mphindi zisanu sizikwana.

Ka module kogula kaja ndimakaniza pafupifupi aliyense. Bodi zina zilidi ndi mapini olembedwa TPM mmunsi, koma ma kampani sanagwirizane pa mapangidwe ake, pali za mapini 12, 14 ndi 20, kalumikizidwe kake nkosiyananso, ya ASUS siyigwira pa Gigabyte olo mapini atafanana kuchuluka. Windows 11 itangolengezedwa mu Juni 2021 timamodule timeneti tinakwera mtengo koopsa chifukwa anthu anathamangira kugula chinthu chimene anali nacho kale. Ndipo kuyika module pa bodi ya generation 4 sikusintha purosesa kukhala ya 8.

Secure Boot ndiye imafuna mtima wodekha, apa ndi pamene ma kompyuta amabwera kwa ine atakana kuyaka. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti chimene chikuyamba kompyuta ikamayaka chili ndi siginecha yodalirika, kuti ma virus obisala Windows isanatseguke asapeze polowera. Imagwira pa UEFI pokha, imene ndi BIOS yamakono. Bwererani ku msinfo32 muone mizere iwiri, BIOS Mode ndi Secure Boot State. Ikalemba UEFI ndi On zili bwino. UEFI ndi Off, ingolowani mu BIOS muyatse, ngakhale kunena zoona Windows 11 imangofuna kuti kompyuta ikhale yotha Secure Boot, koma ine ndimayatsa chifukwa magemu ena ngati Valorant amakana pa Windows 11 ikakhala yozimitsa. Koma ikalemba Legacy imani kaye. Ndiye kuti amene anakuikirani Windows anayika mwachikale, disk yanu ili pa MBR, kagawidwe kakale ka disk, ndipo mukangopita mu BIOS nkuzimitsa CSM, imene imalola kompyuta kuyaka mwachikale, kapena kusintha kupita ku UEFI, kompyuta siyipezanso Windows, imangobwerera mu BIOS kapena kulemba kuti palibe boot device. Mafayilo anu sanafufutike ayi, mukabweza CSM iyaka, koma mtima umagunda ndithu.

Njira yake ndi yosintha disk kukhala GPT, kagawidwe katsopano kamene UEFI imafuna, musanakhudze BIOS. Windows 10 ili ndi chida chake kuyambira version 1703 ya 2017. Tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe mbr2gpt /validate /allowFullOS, ikavomera mulembe mbr2gpt /convert /allowFullOS. Imakana ngati disk ili ndi ma primary partition opitirira atatu kapena ili ndi extended partition, zimene zimachitika kwambiri kuno poti timakonda kudula disk C, D, E, F ngati tikugawa munda. Ikamaliza mpamene mumalowa mu BIOS, kuzimitsa CSM, kuyatsa Secure Boot. Koperani kaye mafayilo ofunika pa external musanayambe. Ndipo amene muli ndi graphics card yakale kwambiri, ya chaka cha 2012 kubwerera mmbuyo, zina mwa izo sizidziwa UEFI nde CSM ikazima sikirini imangoda bii, muyenera kuyichotsa kaye nkulumikiza monitor pa bodi ngati purosesa ili ndi graphics yake.

Ziwiri zoti musaiwale. BitLocker ikakhala yoyatsa, kusintha TPM, Secure Boot kapena kupanga update BIOS kukhoza kuchititsa kuti ikufunseni recovery key ya manambala 48, ndipo popanda key ameneyo palibe fundi angatsegule disk imeneyo, olo mutapita kwa ndani. Ipezeni mu akaunti yanu ya Microsoft muyilembe papepala, kapena mupange suspend BitLocker kaye. Makompyuta a kuofesi funsani a IT anu. Chinacho ndi magetsi, update ya BIOS ikaduka pakati bodi ikhoza kufa, nde ndi mmene magetsi athu amathimira mosatsanzika ine sindipanga popanda UPS kapena inverter. Ngati PTT kapena fTPM ikuoneka kale mu BIOS musavutike ndi update nkomwe, kupatula a Ryzen amene kompyuta imadukizadukiza mawu fTPM ikayatsidwa, vuto limenelo AMD anakonza mu 2022 ndi ma BIOS okhala ndi AGESA 1.2.0.7.

Nanga Rufus, pulogalamu ija yoyikira Windows pa flash? Eya ndikudziwa, ili ndi kabokosi kochotsa zonsezi ndipo Windows 11 imalowa olo pa generation 4, imathamanganso bwino. Pa kompyuta ya ana yoonera mafilimu sindikangana nanu. Koma Microsoft ananena poyera kuti makompyuta oterewa sakulonjeza kuwapatsa ma update, version yatsopano ya pachaka siyibwera yokha mumayenera kuyikakamizanso, ndipo version 24H2 ya Windows 11 inadula kale ma Core 2 Duo chifukwa imafuna SSE4.2 imene mapurosesa amenewo alibe, pamenepo Rufus alibe chochita. Pa kompyuta yosunga ma akaunti a bizinesi kapena marekodi a ana asukulu sindingayike. Imeneyo ngati purosesa ndi ya generation 6 kapena 7 ndimalembetsa ESU, ndondomeko ya Microsoft yowonjezera nthawi ya ma update a Windows 10, imene kwa anthu wamba ikupereka ma update achitetezo mpaka 13 Okutobala 2026, uku mwini wake akusonkha ndalama ya ina. Ngati ntchito yake ndi intaneti ndi kutayipa makalata basi, Linux Mint imayenda bwino pa makina omwewo m'malo mwa Windows, kungoti yesani kaye printer yanu ndi scanner pa flash musanafufute Windows.