Mkondo wamoto wa ku Tallahassee uja unayamba bwanji

Gemu ya timu ya yunivesite ya Florida State, yotchedwa Seminoles, isanayambe pa Doak Campbell Stadium mumzinda wa Tallahassee ku America pamatulukira mnyamata atakwera hatchi yamathothomathotho dzina lake Renegade, kunkhope atadzipenta, m'manja mkondo woyaka moto, nkukauzika pakati penipeni pa bwalo, ndiye anthu kukuwa kwake ngati apenga. Mpira wake ndi uja wothamanga nawo m'manja atavala zipewa zolimba, osati wathu wa mapaziwu ayi.

Mnyamatayo amaimira Osceola, ndipo Osceola anali munthu weniweni, mtsogoleri wankhondo wa a Seminole, mtundu wa eni nthaka a ku America, omwe anakana kusamutsidwa ku Florida. Asilikali a boma la America anamugwira mwachinyengo mu 1837 atabwera kudzakambirana mbendera yoyera ili m'mwamba, nkukafera m'ndende ku Fort Moultrie mu 1838. Lero ndi amene amatsegulira gemu. Ine zimenezi zimandivuta kumeza.

Dzina loti Seminoles anasankha ndi ophunzira povota mu 1947, za hatchizi zinadzabwera mu 1978 nthawi ya kochi Bobby Bowden. Mkangano weniweni unabuka mu 2005 pomwe NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji, linatchula masukulu 18 nkunena kuti maina ndi zidindo zonyoza eni nthakawa zisamaonekenso m'mipikisano yake, koma khonsolo ya Seminole Tribe of Florida inati ayi ife tavomereza, dzina ndi lathu ndipo takubwerekani, moti Florida State inachotsedwa pa mndandandawo. Ndi zovala za Osceola zomwe a Seminole amaikapo dzanja.

Ku North Dakota zinavuta. Kumeneko matimu a yunivesite ankatchedwa Fighting Sioux, dzina la mtundu wa eni nthaka wa a Sioux; a Sioux a ku Spirit Lake anavomera koma a ku Standing Rock sanapereke chilolezo, nkhani mpaka kukhoti ndi kunyumba ya malamulo ya chigawocho, dzina linagwa mu 2012 ndipo mu 2015 anakhala Fighting Hawks. Ku yunivesite ya Illinois nako Chief Illiniwek, wophunzira yemwe ankavina pa magemu atavala ngati mfumu ya eni nthaka, anavina komaliza mu 2007. Masekondale ndiye musanene, matimu a maina a eni nthaka ngati ma Braves ndi ma Chiefs ali mbwee, ku New York anachita kuletsa mu 2023 m'masukulu aboma.

Koma chilolezo cha ku Florida chija nachonso sichinakomere onse. A Seminole ambiri ali ku Oklahoma, zidzukulu za aja anathamangitsidwa nthawi ya Osceola yemweyo, ndipo kumeneko alipo ena omwe mkondo ujawo safuna nkuuona komwe.