Kuyeza Thanzi la Okalamba: Tisamangoti "Ndi Ukalamba Basi"

Agogo akabwera kuchipatala akudandaula kuti akugwaigwa, kawirikawiri amangopatsidwa panado n'kuuzidwa kuti ndi ukalamba. Apa m'pamene timalakwitsa. Kugwako kungachokere ku ng'ala ya m'maso, mapiritsi a BP amene akutsitsa kuthamanga kwa magazi mopitirira, kapena miyendo yofooka chifukwa chosadya mokwanira, ndipo mwa munthu wa zaka 60 kapena kuposerapo mavutowa amabwera pamodzi. N'chifukwa chake wokalamba ayenera kuonedwa ndi anthu angapo: dokotala, namwino, wa fiziyo (wothandiza kulimbitsa ziwalo ndi mafizo), wa ku famase, ndi mlangizi wa zaumoyo amene amadziwa pakhomo pawo.

M'zaka za m'ma 1930, Dr. Marjory Warren wa pa West Middlesex Hospital ku England anayeza mosamala okalamba amene anali atangogonekedwa ngati osachiritsika, ndipo ambiri anayambanso kuyenda, ena n'kubwerera kwawo. Mu 2017 bungwe la WHO linatulutsa malangizo osamalira okalamba otchedwa ICOPE, ndipo zambiri mwa zoyeza zimene tifotokoze pano zimangofuna mpando, wotchi, sikelo ndi tepi.

Yambani ndi mankhwala. Achibale abweretse onse m'jumbo, a kuchipatala, a pagolosale ndi azitsamba omwe. Akakwana mitundu 5 kapena kuposa, wa ku famase awaunike limodzi ndi dokotala. Brufeni ndi indosidi zimawononga impso ndi m'mimba mwa okalamba, pomwe piritoni imagonetsa ndi kusokoneza mutu.

BP isayezedwe kamodzi kokha. Agogo agone chagada mphindi 5, muyeze. Aimirire, muyezenso pakatha mphindi imodzi, kenako pakatha mphindi 3. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena yapansi ndi 10, n'kutheka kuti chizungulire chawo chikuchokera pamenepo. Ophunzira ambiri amathamangira kuyeza munthu ali chikhalire, n'kuphonya vutoli.

Poyeza miyendo, agogo apinde manja pachifuwa, adzuke pampando ndi kukhalanso kasanu. Akalephera kumaliza m'masekondi 14, wa fiziyo awaone. Kenako adzuke, ayende mamita 3, atembenuke n'kudzakhalanso. Zikatenga masekondi 12 kapena kuposa, ali pachiopsezo chakugwa. Imani pafupi nawo, ndipo ngati amayendera ndodo ayende nayo.

Funsani ngati atsika ndi makilogalamu oposa 3 m'miyezi itatu. Katumba wa mwendo akachepera masentimita 31 pomuyeza mozungulira, minofu ikutha. Onaninso m'kamwa, poti wopanda mano amasiya nyama ndi mtedza osauza munthu. Makutu ayeseni powanong'oneza muli kumbuyo kwawo, khutu lililonse palokha.

Za maganizo zimafuna kudekha. Atchulireni mawu atatu, monga duwa, chitseko, mpunga, afunseni tsiku ndi malo amene ali, kenako akumbukire mawu aja. Musawayese asanamve bwino, chifukwa wogontha amaoneka ngati wosokonezeka. Funsani achibale kuti kusokonezekako kunayamba liti. Ngati kwabwera m'maola kapena masiku ochepa, ndi ngozi: fufuzani malungo, chibayo, matenda a njira ya mkodzo, shuga ndi kuchepa madzi m'thupi tsiku lomwelo. Kusokonezeka kobwera pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka kungakhale dimenshiya, matenda a ubongo. Nenani izi momveka kwa abale, pakuti agogo osochera usiku kapena olankhula okha ndi amene amanamiziridwa ufiti m'midzi yathu.

Nkhani ya mkodzo wotuluka wokha ndi ya kukhumudwa muifunse muli awiri, mdzukulu atatuluka. Pamaso pa ana, agogo angoti ali bwino.

Aliyense akamaliza mbali yake, gululo likhale pansi tsiku lomwelo, agogo ndi wowasamalira alipo, lisankhe mavuto awiri kapena atatu oyamba nawo. Lembani m'kabuku ka kuchipatala chochita, wochita, ndi tsiku lobweranso, ndipo mlangizi wa zaumoyo akaone pakhomo: mtunda wa kuchimbudzi, kuwala usiku, ndi amene amawaphikira.