Chiphaso cha ejenti wa inshuwalansi ku America chimatha ntchito

Anthu ambiri amene amabwera kudzagula inshuwalansi ya moyo kapena ya chipatala amaganiza kuti ejenti akakhoza mayeso n'kulandira chiphaso, ndiye kuti wamaliza sukulu. Ku United States sizili choncho. M'zigawo zambiri chiphasocho chimagwira ntchito zaka 2 zokha, ndipo kuti achiwonjezere masiku, ejentiyo ayenera kuonetsa kuti wabwereranso m'kalasi.

Malamulo a chiphasochi sachokera ku boma lalikulu ku Washington. Lamulo la McCarran-Ferguson la 1945 linasiya nkhani za inshuwalansi m'manja mwa chigawo chilichonse, n'chifukwa chake maola amasiyana. Bungwe la NAIC, lomwe limasonkhanitsa akuluakulu oyang'anira inshuwalansi m'zigawozi, limalimbikitsa maola 24 pa zaka 2, ndipo 3 mwa maolawo akhale a khalidwe loyenera pa ntchito. California imatsata muyezo umenewu. New York imafuna maola 15.

Kunena zoona, maola 24 pa zaka 2 ndi ochepa, ndipo ena amangowathamangira pa intaneti chiphaso chikatsala pang'ono kutha. Maphunziro amene ine ndimaona kuti amateteza wogula kwenikweni ndi aja okhudza chinthu chenichenicho chimene ejenti akugulitsa. Ku California, munthu sangagulitse annuity, pangano loti kampani izidzakupatsani ndalama pang'onopang'ono mukadzapuma pa ntchito, asanachite maphunziro apadera a maola 8. Wogulitsa mapulani a Medicare, pulogalamu ya boma ya chithandizo cha chipatala cha okalamba, kaya ndi Medicare Advantage (ya chipatala) kapena Part D (ya mankhwala), amaphunzira ndi kulemba mayeso chaka chilichonse, ndipo pa izi boma lalikulu limafuna kuti apeze 85 peresenti.

Chifukwa chake n'chomveka. Malamulo amasintha pansi pa mapazi athu. Mu 2025, ndalama zimene munthu wa Part D angatulutse m'thumba mwake pa chaka pogula mankhwala ovomerezeka zinaikidwa malire a madola 2,000. Ejenti amene anaphonya kusinthaku akhoza kuopseza agogo anu ndi mitengo yomwe kulibenso, n'kuwasankhira pulani yolakwika pa nyengo yolembetsa ya 15 October mpaka 7 December. Agogowo sangadziwe kuti alakwiridwa mpaka atafika pogula mankhwala, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima.

Kwa abale athu okhala kunoko, ejenti nthawi zambiri amakhala mnzathu wa kutchalitchi kapena munthu wakumudzi, ndipo timachita manyazi kumufunsa zambiri. Musachite manyazi. Mufunseni nambala ya chiphaso chake, muyiyang'ane pa tsamba la dipatimenti ya inshuwalansi ya chigawo chanu, muone ngati chikugwirabe ntchito komanso ngati chikumulola kugulitsa za moyo, za chipatala, kapena zonse ziwiri. Kenako mufunseni kuti maphunziro a chinthu chomwe akukugulitsanicho anachita liti. Ngati ndi Medicare, maphunziro ake akhale a mapulani a chaka chomwe mukulembetsacho.