Ranger, Amarok ndi Transit zatsopano: dzina la pa boneti silikunenanso zonse

Munthu akafika ku galaja kudzafunsa za pikapu yoti agule, funso limakhala lomwelo: "Ford, Toyota, kapena Volkswagen?" Kale funsoli linkayankhika, chifukwa nthawi zambiri kampani iliyonse inkapanga zake. Masiku ano sizili choncho, ndipo izi zikuonekera bwino pa magalimoto atsopano antchito a Ford, Ranger ya m'badwo uno pamodzi ndi banja lonse la ma Transit.

Mu Januwale 2019 Ford ndi Volkswagen analengeza kuti agwirana manja pa magalimoto antchito, ndipo mu Juni 2020 anasainirana mapangano. Anagawana motere: Ford apange pikapu ndi vani yapakatikati za makampani onse awiri, Volkswagen apange kavani kakang'ono. Ndiye Amarok yatsopano, yomwe inaonetsedwa mu 2022, imatuluka mu fakitale ya Ford ku Silverton, mu mzinda wa Pretoria, pamzere umodzi ndi Ranger. Chasisi ndi imodzi, injini ndi zomwezo, giya bokosi ndi yomweyo. Zosiyana ndi malata akunja, nyali, mipando ndi kakonzedwe ka mkati. Volkswagen Transporter yatsopano nayo ndi m'bale wa Transit Custom, zonse zimapangidwa ndi Ford Otosan ku Kocaeli m'dziko la Turkey. Kubwezera kwake, Transit Connect ya lero ndi Volkswagen Caddy yovala baji ya Ford, yochokera ku Poznań, ku Poland.

Chinawakakamiza ndi ndalama. Kupanga galimoto yatsopano yokwaniritsa malamulo a utsi a ku Ulaya, yokhoza mayeso a ngozi, komanso yokhala ndi mtundu woyendera batire, kumadya ndalama zoti kampani imodzi singazibweze mosavuta. Ku Silverton kokha Ford anaikako madola 1.05 biliyoni, monga analengezera mu 2021, kuti fakitaleyo izitha kutulutsa magalimoto 200,000 pa chaka. Fakitale yotere siyenera kugona, ndipo Amarok imathandiza kuidzaza.

Kwa inu ogula, phindu la kudziwa zimenezi lili pa masipeya. Amarok yakale, yomwe inayamba mu 2010 ndipo yambiri inkapangidwa ku Argentina, ilibe ubale uliwonse ndi yatsopanoyi kupatula dzina. Mukapita kusitolo n'kungonena kuti "ndikufuna ma brake pad a Amarok", mwanena theka chabe. Zomwezi zinachitika ndi Mazda BT-50: ya 2015 ndi m'bale wa Ranger, pomwe ya 2021 ndi m'bale wa Isuzu D-Max. Dzina limodzi, magalimoto awiri osabwerekana ngakhale sefa ya oilo. Si nthawi zonse kubwerekana magalimoto pakati pa makampani kumayenda bwino. Mercedes-Benz anayesa kuveka Nissan Navara suti n'kuitcha X-Class mu 2017, koma pofika 2020 anali atasiya, chifukwa anthu sanaone chifukwa cholipirira mtengo wa Benz pa Navara.

Tsopano tivundukule boneti, chifukwa nkhani yaikulu ili m'menemo.

Amene anayendetsapo Ranger yakale amakumbukira injini ya 2.2 ndi ija ya 3.2 ya masilinda asanu, yomwe inkalira mwaulemu pokwera chitunda. M'badwo watsopanowu, womwe unaonetsedwa mu Novembala 2021 n'kuyamba kupangidwa ku Silverton chaka chotsatira, unabwera wopanda 3.2. M'malo mwake munalowa injini za dizilo zitatu: 2.0 ya turbo imodzi yotulutsa 125 kW ndi 405 Nm, 2.0 ya ma turbo awiri ya 154 kW ndi 500 Nm, ndi 3.0 V6 ya 184 kW ndi 600 Nm. Zonse zitatu zinachokera ku fakitale ya Ford ku Struandale, mu mzinda wa Gqeberha womwe ambiri tikuutchulabe Port Elizabeth. Pa manambala awiriwo, wa kW ukunena za liwiro lomwe injini ingagwirire ntchito, pomwe wa Nm ukunena za mphamvu yodzutsira katundu ndi kukoka. Wonyamula simenti ayang'ane wachiwiriwo.

Anthu ambiri amakayika akamva kuti injini ya malita awiri, ija ya ma turbo awiri, ikuposa ya 3.2, yomwe inkatulutsa 147 kW ndi 470 Nm. Palibe matsenga. Turbo imakankhira mpweya wambiri m'kasilinda kakang'ono, ndipo dizilo amapoperedwa pa mphamvu ya ma bar pafupifupi 2,000 kudzera m'timabowo ta injekita tochepetsetsa. Mafuta amasanduka nkhungu, amapsa bwino, mphamvu n'kuchuluka pomwe dizilo akupita wochepa. Koma mtengo wake ulipo. Pampu ndi ma injekita otere amadalira dizilo yemweyo kuti asakhulane, ndiye kadontho ka madzi, kafumbi, kapena palafini wosakanizidwamo, zimawapala mkati. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene anthu timathamangira dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, injini yakale ya pampu wamba inkatsokomola n'kupitiriza ulendo. Yatsopanoyi siikhululuka. Ma injekita anayi ndi pampu zikapita pamodzi, bilu yake imagula kagalimoto kakang'ono ka ku Japan.

Chinanso chomwe ogula ambiri samauzidwa: injini za 2.0 zomwe zinabwera ndi Ranger imeneyi, komanso za ma Transit ambiri a zaka zapitazi, zili ndi timing belt, lamba woyendetsa mavalavu pa nthawi yake, yoyenda m'kati mwa oilo. Lamba wotere sachita phokoso ndipo amapulumutsako mafuta, koma amafuna oilo weniweni amene buku lanena, wosinthidwa pa nthawi yake. Mukathira oilo wina aliyense chifukwa ndi wotchipa, kapena dizilo akamalowerera mu oilo, mphira wa lambayo umayamba kunyenyeka, tizidutswa take n'kukatseka kasefa ka pampu ya oilo pansi pa injini. Injini imafa ndi njala ya oilo chikhalirecho oilo ali wodzaza. Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, buku la sevisi ndi lofunika kuposa kuwala kwa penti.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza abale athu a ku Britain ndi ku Ireland amene amatumiza magalimoto kumudzi. Poti kumeneko chiwongolero chili kumanja ngati kwathu, Transit kapena Ranger ya kumeneko imaoneka ngati yangokwanira. Koma Ranger yopita ku Britain, ngakhale inatuluka ku Silverton komweko, siifanana ndi yogulitsidwa ku Johannesburg. Ya ku Ulaya imatsata malamulo a utsi otchedwa Euro 6, ndiye ili ndi DPF, sefa ya m'paipi ya utsi yokola mwaye, komanso tanki ya AdBlue, madzi osakaniza ndi urea omwe amapoperedwa mu utsi kuti achepetse mpweya woipa. DPF imadziyeretsa yokha powotcha mwayewo galimoto ikathamanga mtunda wautali injini itatentha bwino. Galimoto yongozungulira pakati pa Limbe ndi Blantyre pa mzere wa magalimoto siipeza mpata umenewo. Onjezerani kuti dizilo wa ku Ulaya ali ndi sulfure wosapitirira 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni) pomwe wa m'chigawo chathu chino nthawi zambiri ndi wa 50 ppm, muona chifukwa chake nyali ya injini imayaka patangopita miyezi. AdBlue naye akatha, kompyuta imayamba yachenjeza, kenako imakana kuliza injini mpaka mutathira. Sikuti galimoto yafa, inapangidwa kuti izitero. Tsono AdBlue mukamupeza kuti ku Chitipa Loweruka madzulo?

Sindikuti musatumize. Ndikuti funsani kaye ngati kumene galimotoyo ikukakhala kuli makaniko wokhala ndi kompyuta yoiwerenga. Ena amachotsa DPF n'kusintha pulogalamu ya injini, ndipo zikachitika mwachisawawa zimabala mavuto ena pa turbo ndi pa kadyedwe ka mafuta, osanenanso za utsi womwe anthu a m'mbali mwa msewu amapuma.

Za katundu nazo pali chisokonezo chakale. Timati pikapu ndi "ya tani imodzi", ndipo n'zoona kuti ma twin cab ambiri a Ranger, Hilux kapena D-Max amaloledwa kunyamula pafupifupi makilogalamu 1,000. Koma muyeso umenewu umawerengera zonse zokwera pa galimotoyo, anthu omwe. Mukakhala anthu asanu akuluakulu mu kabu, makilogalamu 350 kapena kuposa apita. Bull bar, kanope ndi tayala lachiwiri lapadera zadyanso gawo lake. Otsala ndi matumba a chimanga a makilogalamu 50 okwana khumi kapena khumi ndi awiri, osati makumi awiri omwe timaona akusanjikizidwa nthawi yokolola, pamwamba pakenso patakhala anthu a matola. Twin cab ili ndi vuto lina: gawo lalikulu la bodi yake lili kumbuyo kwa ekiselo, choncho katundu wolemera akaikidwa kumapeto amapepula matayala akutsogolo, chiwongolero chimayamba kuyandama, ndipo pa msewu wa mabampu chasisi imatha kupindika pakati pa kabu ndi bodi. Pa Ranger yatsopano Ford anasunthira matayala akutsogolo mamilimita 50 kutsogolo n'kukulitsanso mpata wa pakati pa matayala akumanzere ndi akumanja ndi mamilimita 50, moti phaleti imalowa pakati pa zotupa za matayala m'bodi. Zimathandiza, koma sizisintha sikelo. Nambala yeniyeni ili pa kachitsulo kapena kapepala ka pa chipilala cha chitseko, pomwe alemba kulemera konse kololedwa. Ngati ntchito yanu ndi kunyamula, single cab ndiye yanu, ndipo ndi yotsika mtengo.

Chimodzimodzi kukoka. Makilogalamu 3,500 omwe amalengezedwa ndi a ngolo yokhala ndi mabuleki akeake, ndipo simungakoke yodzaza chomwecho bodi nayo itadzaza. Ford anaona kuti alimi ndi a migodi ku Australia akufuna zoposa apa, n'chifukwa chake anatulutsa Ranger Super Duty, yololedwa kulemera makilogalamu 4,500 ndi kukoka enanso 4,500, koma zonse pamodzi zisapitirire 8,000. Chenjerani ndi laisensi: ku South Africa ya Code B imalekezera pa galimoto ya makilogalamu 3,500, kupitirira apo ndi C1. Za Ranger Raptor sindichedwapo. Ili ndi V6 ya petulo ya 292 kW ndi mashokabu othamangira m'mchenga, koma imanyamula ndi kukoka zochepa kuposa inzake yotchipa. Ndi yosangalalira, si yantchito.

Nanga vani? Ambiri amene amagula pikapu kwenikweni amafunika vani, kungoti pikapu imapatsa ulemu pa ukwati ndi pa maliro. Wogulitsa buledi, mankhwala, zovala, zipangizo za magetsi kapena makatoni a zakumwa amafuna katundu wosanyowa, wosalowa fumbi, wokhomeka ndi kiyi. Transit Custom yatsopano, yomwe inayamba kupangidwa mu 2023 n'kupata mphoto ya International Van of the Year ya 2024, ili ndi malo a ma cubic metre 5.8 pa yaifupi ndi 6.8 pa yaitali, ndipo imanyamula kupitirira tani imodzi. Mitundu yambiri imakokera kutsogolo, ndiye pansi pake n'potsika, kukweza katundu sikuthyola msana. Ku Britain, komwe dzina la Transit lakhalapo kuyambira 1965, ndiyo vani yogulidwa kwambiri, ndipo anaifupikitsa dala kuti msinkhu wake usafike mamita awiri, izitha kulowa m'malo oimikapo magalimoto a pansi pa nyumba. Koma kutsika komweko ndiye chilema chake pa msewu wafumbi nthawi ya dzinja. Ilibe chasisi yapayokha ngati pikapu, thupi lake ndilo chasisi, ndipo ikadzaza kumbuyo pa chitunda cha matope matayala okokawo amangozungulira. Pa tala ndi yabwino zedi. Kupita ku msika wa kumudzi mu Febuluwale, HiAce yokokera kumbuyo ikadali patsogolo, ndipo masipeya ake ali paliponse pomwe pali siteji ya minibasi.

Mitundu ya batire ndiyo ikulengezedwa kwambiri. E-Transit Custom inabwera ndi batire ya 64 kWh yoyenda makilomita pafupifupi 330 pa mayeso a ku Ulaya, zomwe n'zokwanira kugawa katundu mu London tsiku lonse, koma mtunda wa Lilongwe kupita ku Blantyre ungaimalize batire yonse, makamaka itanyamula. Yomwe ikundikopa ine ndi Ranger PHEV, yoyendera injini ndi batire yotchajira pa soketi, yomwenso ikupangidwa ku Silverton Ford ataikako marandi 5.2 biliyoni. Ili ndi injini ya petulo ya 2.3, mota ya 75 kW ndi batire ya 11.8 kWh. Kuyenda ndi batire yokha ndi makilomita 40 ndi pang'ono chabe, ndipo si chimene chikundikopa. Chikundikopa ndi masoketi a m'bodi, omwe pa mtundu wamphamvu amatulutsa magetsi okwana 6.9 kW. Mmisiri wa matabwa, womanga, kapena chipatala choyendayenda angalumikize zida zake pomwepo popanda kunyamula jenereta, ndipo batire ikatsika injini imadzilizira yokha kuitchaja. Kumene magetsi amazimazima, zimenezo si zachibwana.

Chondiletsa kulimbikitsa aliyense panopa ndi anthu okonza. Nthambo za mtundu wa lalanje za m'galimoto zimenezi zimanyamula magetsi a mavoti mazanamazana, okwanira kupha munthu, ndipo makaniko wozolowera kuyesa waya poigunditsa pa bodi kuti aone ngati ithetheka sayenera kuziyandikira. Pamafunika maphunziro ake, magolovesi ake, ndi ndondomeko yozimitsira batire asanagwire sipanala. Bungwe kapena kampani yoganiza zogula ma PHEV angapo ifunse wogulitsa mafunso awiri, ndipo mayankho alembedwe mu mgwirizano: amisiri angati aphunzitsidwa kale za batire zimenezi, ndipo batire ikavuta, ina ifika patatha masabata angati kuchokera ku South Africa.